Kodi Wopenya Naye Ndi Mbala?

Mwezi uno tifuna kulingalira pamodzi ndi inu mlandu umene makolo athu sanauweruzepo pa bwalo liri lonse, pakuti cinthu coutsa mlanduwo kunalibe masiku ao. Mbala imene iwo anaidziwa inali yoboola nkhokwe usiku, kapena yomasula mbuzi m'khola. Ndipo kutaca mwini wace anapeza m'khola muli pululu, naitana anzace, nalondola mapazi. Koma masiku ano kwabuka kutenga kwa mtundu wina, kumene mwini cinthu adzuka m'mawa napeza zace zonse ziri m'malo mwace, citseko ciri citsekere, ndipo adandaulabe kuti amubera. Tsono funso lathu nali: munthu wopenya filimu kapena mpira pa kanema mwa njira yozemba, wosapereka kanthu kwa eni ace, kodi waba kapena sanabe?

Tiyambe tafotokoza cinthuco, kuopa kuti tingaweruze cimene sitinacizindikire. Kuli timabokosi tating'ono, tina tonga bokosi la macesi, tina totalika ngati cala ca munthu, timene atilumikiza ku wailesi ya kanema; ndipo nchito yace ndiyo kukoka zithunzi ndi mau pa intaneti ndi kuziturutsa pa galasi la kanemayo. Kamodzi komveka kwambiri ndiko Fire TV Stick, kamene kampani ya Amazon inayamba kukagulitsa m'caka ca 2014. Kulinso pulogalamu dzina lace Kodi, imene anthu odzipereka anaikonza naipereka kwaulere, kuti munthu apenyere zithunzi zace zomwe. Zinthu izi pa zokha ziribe mlandu, monga mpeni ulibe mlandu pokhala m'manja mwa wosenda cinangwa. Koma anthu ena amalembetsa kwa eni kanema, nalipira monga ali yense, natenga zithunzi zakufikazo, nazipatutsira ku makompyuta ao akuru, kumene azigawira anthu zikwizikwi nthawi yomweyo; ena amatenga mafilimu atsopano mobisa nawaunjika komweko. Pamenepo aika m'kabokosi muja pulogalamu yotsegula njira ya ku makompyuta aja, nagulitsa kabokosiko ndi lonjezo lakuti wogulayo adzapenya zonse za m'dziko lapansi pa mtengo wa nkhuku.

Kuti muone kukula kwace kwa malonda awa, tikuuzeni za mlandu umene unaweruzidwa ku England. M'mwezi wa May 2023, bwalo la milandu la ku Chesterfield linalamula kuti amuna asanu akhale m'ndende zaka zoposa 30 kuziphatikiza zonse, ndipo mtsogoleri wao yekha analandira zaka 11. Anthu awa anali ndi malonda ochedwa Flawless, m'mene anaonetsa mpira wa Premier League popanda cilolezo, nalipiritsa mapaundi 10 pa mwezi, pamene njira yololedwa inafuna ndalama zoposa izi kangapo. Ogula ao anaposa 50,000, ndipo m'zaka zisanu anasonkhanitsa mapaundi oposa 7 miliyoni. Amene anawasumira ndiwo eni ace a Premier League. Za amuna asanuwa sitifuna kucurutsa mau, pakuti ngakhale mwana adziwa kuti wogulitsa cosakhala cace ali ndi mlandu. Mtima wathu uli pa aja 50,000, amene sanaimirire pa bwalo, anthu wamba okhala ndi mabanja ao, amene kapena sanabepo singano ya mnansi cibadwire. Pakuti iwo afanana ndi ife, ndipo zodzikanira zao ndizo zimene ifenso tikadanena.

Codzikanira coyamba ndi ici: Sindinacotse kanthu kwa munthu. Wina adzati, Kwathu mkazi akapeza moto wazima apita kwa mnzace kukapala, ndipo palibe amlipiritsa, popeza moto wa mnzaceyo sucepa. Momwemonso ine ndikapenya filimu, mwini wace akali nayo yonse, ndipo wina ali yense akhoza kuipenyabe. Mau awa sali opusa, ndipo tibvomere kuti muli coona m'menemo. Mbuzi ikadyedwa yatha, koma nyimbo ikamveka siitha. Cifukwa cace kutenga mbuzi ndi kutenga nyimbo sikulingana m'zonse, ndipo iwo amene anena kuti ziri cimodzimodzi afulumira pakamwa. Koma tiyang'anitse fanizo la moto lija. Wopala moto afika pakhomo poyera, naodira, napempha, ndipo mwini nyumba ampatsa ndi mtima wace. Mawa lace moto ukazima uko, iyenso adzadza kuno, pakuti lende nkukankhana. Kodi wa kabokosi uja anaodira kwa yani? Ndipo adzabweza tsiku liti? Cimene cikometsa kupala moto ndico cilolezo ca mwini ndi kubwezerana kwa anansi. Ziwirizi zikacoka, catsala ndico kulowa m'nyumba ya eni iwo ali kumunda.

Fanizo loyenera bwino ndi la bwato pa dooko. Munthu wagwetsa mtengo, nausema miyezi, namata ming'alu yace, naolotsa anthu pa Shire tsiku ndi tsiku, ali yense napereka kangacepe. Tsono wina akwera mobisala pakati pa akatundu, natsika tsidya lija wosalipira. Akamgwira adzati, Ndakucotsera ciani? Bwato lako likadaoloka ngakhale ine palibe, ndipo nkhafi yako iri m'manja mwako. Inde, nzoona; koma bwato lija likhalapo cifukwa ca aja olipira, ndipo iye waoloka pa thukuta la mwini ndi pa ndalama za anzace. Akacita cotero mmodzi, bwato lidzayendabe. Akacita onse, mwini adzalikokera pamtunda napita kukalima, ndipo wozemba uja adzaima pa gombe pamodzi ndi ena onse, kusowa woolotsa. Apa pali muyeso umene tikhoza kuyesa nao macitidwe ambiri: cinthu cimene cindikomera ine pokhapo anzanga akapanda kucicita, cimeneco siciri colungama, pakuti ndadziyesa ndekha woposa lamulo limene ndifuna kuti ena onse alisunge.

Ndipo filimu iri ndi osema ace monga bwato. Mukaipenya kufikira cimariziro, mudzaona maina mazanamazana ali kukwera pa galasi: osoka zobvala, amisiri a matabwa, oyendetsa galimoto, ophika, onyamula nyali, oimba. Ambiri a iwo nkhope zao sizioneka, ndipo sali omveka. Iwo ndi anchito monga ife, amene malipiro ao acokera kwa openya, ndipo nchito yao ya mawa itsamira pa phindu la filimu ya lero.

Anthu a maiko ena analimbana nalo funso ili kale, pamene makina osindikiza mabuku anacuruka. M'caka ca 1710 ku Britain kunaikidwa lamulo, m'masiku a mfumu yaikazi Anne, lakuti wolemba buku latsopano akhale ndi ufulu wakulisindikiza yekha zaka 14, ndipo akakhala ndi moyo pakutha pace, zaka 14 zina. Zitatha izo bukulo likhale la anthu onse. M'caka ca 1886 maiko ena anapangana ku Berne, m'dziko la Switzerland, kuti atetezerane nchito za alembi ao. Ndipo Malawi analowa m'panganolo m'caka ca 1991, ndi bungwe la COSOMA linakhazikidwa m'caka ca 1992 kuyang'anira za oimba ndi alembi athu. Taonani nzeru ya lamulo loyamba lija: linapatsa mlembi nthawi yakukolola, koma linaikanso malire, pozindikira kuti nzeru ndi nthano sizingatsekeredwe m'nkhokwe ya munthu mmodzi kosatha. Masiku ano nthawiyo yatalikitsidwa kwambiri, kufikira zaka 50 kapena 70 atamwalira mlembi, ndipo alipo anthu anzeru amene ayesa kuti yapitirira muyeso. Tikhoza kutsutsana za utali wace. Koma mpira wa lero ndi filimu ya caka cino ziri m'nyengo yokolola ndithu, ndipo za izo palibe kukayika.

Codzikanira caciwiri cilemera koposa. Wina adzati, Eni ace ndi olemera kopambana, ndipo mtengo wao ngwankhanza. Ine wosauka ndikapenya, iwo sadzagona ndi njala. Pano tisabise coona. M'mwezi wa December 2023 Premier League inagulitsa ufulu wakuonetsa mpira wace ku Britain mwa zaka zinai pa mapaundi 6.7 biliyoni, makamaka kwa Sky Sports ndi TNT Sports. Ndipo ndalama zotere zicokera m'matumba a openya. Munthu wofuna kutsata timu yace anayenera kulembetsa ku makampani awiri kapena atatu. Ndiponso kuyambira zaka za m'ma 1960 kunali mwambo woletsa kuonetsa mpira pa kanema Loweruka masana, kuyambira 2:45 kufikira 5:15, kuti anthu asaleke kupita ku mabwalo a matimu ang'ono; kotero kuti pa nyengo ya mlandu uja munthu wa ku England, ngakhale atalipira zonse, sanathe kupenya masewera ena amene anthu a ku Lilongwe anawapenya pa SuperSport. Amalonda ozemba aja analowera pa mpata womwewu. Wocinga madzi onse asazizwe pamene aboola pambali; ndipo eni kanema nao ayenera kudzifunsa ngati umbombo wao sunathandize kulera mbala zimene lero azilirira.

Koma cinkana tabvomera zonsezi, codzikanira ici sicifika kumene afuna kucifikitsa. Poyamba, ndalama za openya aja sizinapite kwa aumphawi, kapena kwa osoka zobvala aja; zinalowa m'thumba la anthu owerengeka amene sanaseme bwato kapena kugwira nkhafi. Wobera wolemera kuti adzilemeretse yekha sakhala mpulumutsi wa osauka. Kaciwiri, tisiyanitse njala ndi cilakolako. Akuru athu anamcitira cifundo wapaulendo amene njala inamgwira, nazula cinangwa cimodzi m'munda wa eni, nadyera pomwepo. Pakuti moyo wa munthu uposa cinangwa. Koma palibe munthu anafa cifukwa cosapenya mpira, ndipo amene ali ndi kanema, magetsi ndi intaneti m'nyumba mwace asadziyese wapaulendo uja. Kacitatu, tikalola kuti kulemera kwa mwini kumasule dzanja la wotenga, ndani adzaika malire? Wa nyumba ya malata ndi wolemera pamaso pa wa nyumba ya udzu, ndipo wa njinga ndi wolemera pamaso pa woyenda pansi. Potero palibe nkhokwe m'mudzi imene idzagona mwamtendere. Ndiponso dzanja lozolowera kutenga silifunsa dzina la mwini. Mtima womwewo umene uti, Azungu aja ndi olemera, ndiwo umene utenga nyimbo za woimba wa kwathu ndi kuzithira m'foni pa mtengo wa mandasi, iye mwini atagulitsa mbuzi zace kuti akazijambulitse. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Codzikanira cacitatu ndi cakuti, Ine sindinabe, ndinagula ndi ndalama zanga. Koma taganizani, munthu afika kwanu usiku ndi mwendo wa ng'ombe, naupereka pa mtengo wa nsomba ziwiri, nanong'ona kuti musauze mfumu. Kodi mudzati, Ndagula? Mtengo womwewo ukuuzani kumene nyamayo yacokera, ndipo pa bwalo la mfumu wodya naye adzaitanidwa. Oweruza a ku Ulaya anaona cimodzimodzi. Pa 26 April 2017, bwalo lalikuru la maiko a European Union, lokhala ku Luxembourg, linaweruza mlandu wa munthu wa ku Netherlands amene anagulitsa kabokosi kochedwa Filmspeler, nalengeza poyera kuti wogula adzapenya mafilimu kwaulere popanda cilolezo ca eni. Funso linali lakuti, kodi wogulitsa cipangizo cabe angakhale ndi mlandu? Bwalo linapeza kuti kugulitsa kotero kuli monga kuonetsa mafilimuwo kwa anthu; ndiponso kuti wopenyayo sangabisale m'mau akuti zithunzi zingodutsa osasungidwa, popeza agula kabokosiko ali kudziwa cimene afuna. Caka comweco ku Britain cilango cacikuru ca kuba kotere pa intaneti cinakwezedwa kucokera zaka 2 kufikira zaka 10. Sitichula izi kuti tikuopseni, pakuti cinthu sicisanduka coipa tsiku limene lamulo liciletsa. Lamulo labwino liciletsa popeza ncoipa kale. Tizichula kuti muone kuti cikumbu mtima ca m'mudzi ndi oweruza a kutali abvomerezana pa mau amodzi, akuti kudziwa ndiko kumanga munthu.

Palinso mtengo wina umene wogulitsa sauchula. Wolowetsa mbala pakhomo kuti imgulitse za eni, waionetsa matsekedwe a citseko cace. M'mwezi wa June 2025 apolisi a ku America ochedwa FBI anacenjeza anthu kuti timabokosi tambiri totsika mtengo tifika tiri ndi mapulogalamu oipa m'kati, amene alola acifwamba akutali kugwiritsa nchito intaneti ya m'nyumba ya wogula pocita zoipa zao. Ndipo mwezi wotsatira kampani ya Google inanena pa bwalo la milandu kuti zipangizo zogwidwa motero zinaposa 10 miliyoni. Walira mvula walira matope. Koma citayiko coposa ici ciri m'kati mwa banja. Ana apenya kanema, koma apenyanso atate ao. Mwana akamva atate ali kudzitama kuti apeza njira yosalipira, waphunzira kuti kucenjera kuposa kulungama, ndi kuti coipa cosaoneka siciri coipa. Ndipo phunziro ilo adzapita nalo ku mayeso a sukulu, ku sikelo ya pa msika, ndi ku ofesi kumene adzasunga ndalama za anthu.

Tsono tiyankhe funso lathu. Kodi wopenya naye ndi mbala? Ife titi, milandu siilingana. Wopatutsa zithunzi ndi kuzigulitsa ndiye mwini mlandu waukuru; wogula ali kudziwa ali ndi gawo lace, locepa koma loona, pakuti popanda ogula 50,000 aja amuna asanu aja sakadapeza kanthu; ndipo mlendo wopenya m'nyumba ya mnzace wosadziwa kanthu alibe mlandu konse. Ngati dzina lakuti mbala likulemerani, ciperekeni dzina lina, koma musanene kuti palibe kanthu. Pakuti mwadya thukuta la munthu iye wosalola, ndipo mukadakhala inu mwini simukadakondwa. Ndipo kwa eni kanema titi, mtengo wolingana ndi matumba a anthu udzasunga cuma canu koposa ndende, popeza ambiri a openya sakonda kuzemba akapeza khomo lotseguka limene akhoza kulowerapo.

Nanga ticite ciani? Wokhala nako kabokosi kotere akacotse, ngakhale palibe womuona. Wofuna kugula afunse wogulitsa kuti, Cilolezo cako cicokera kwa yani? ndipo akayamba kuseka kapena kunong'ona, yankho lapezeka. Mtengo ukatikulira, njira zoyera ziripo: kumvera pa wailesi, kupenya zimene eni apereka kwaulere, kupita ku nyumba yoonetsera imene iri ndi cilolezo, kapena kungokhala osapenya, ndi kudandaula poyera kwa eni ndi kwa oyang'anira malonda kuti mtengo utsike. Kudzimana ndi kudandaula poyera kuli ndi mphamvu imene kuzemba kulibe, popeza wozemba sangakweze mau ace pa bwalo. Mpira utha m'mphindi 90, ndipo posacedwa anthu aiwala amene anagoletsa; koma munthu akhala ndi mtima wace masiku onse. Tsalani bwino, owerenga athu, ndipo nkhani iyi muikambirane pa bwalo ndi m'nyumba zanu.